Denga Loletsedwa la Nankhoma

Kuseri kwa mapiri aja netiweki imafikako Lachiwiri lokha, kuli ufumu wotchedwa Tikambemawa. Musathe data yanu kuufunafuna pa mapu, simuupeza. Komiti yoti ikaulembetse idakali kukambirana za tsiku lodzakumana.

Wolamula kumeneko ndi Mfumu ya Mafumu Mlekeniadye Wachitatu, Mtunda Wosakwereka, Chitsime Chosaphwa, Mwini Mvula ndi Dzuwa Lomwe. Ufumu wakewo ulibe golide, ulibe mafuta, ndipo fodya anasiya kalekale kupindula. Katundu wotumiza kunja analipo mmodzi yekha basi: nkhope ya Nankhoma.

Nankhomayu anali mayi wamasiye wa m'mudzi wa Sitidandaula. Zaka zinayi zapitazo munthu wina wa kamera anamupeza atakhala pakhomo pa kanyumba kake kaudzu, chitenje chong'ambika, dzanja lili patsaya, maso ali kutali. Zoona zake n'zakuti tsiku limenelo dzino linkamuwawa. Koma chithunzi sichinena za dzino. Chinaoloka nyanja mpaka ku dziko la Kuchisanu, kumene anthu atachiona analira, ndipo polirapo anapisa m'matumba. Umo ndi mmene zinayambira ndalama za Pumaniko: mwezi uliwonse kafoni kamalira kuti tii-tii, banja losauka n'kukatapa kangachepe, n'kuchita nako zomwe likufuna.

Abale inu, Sitidandaula inasintha. Nachanza, mnzake wa Nankhoma woyandikana naye nyumba, amene kale ankayenda khomo ndi khomo kupempha mchere, anayamba geni ya tomato, ndipo tsopano ankayankha moni mochedwa pang'ono ngati munthu wokhala ndi zochita. Lupiya kalipentala anagula sowo yakeyake, n'kusiya kubwereka ya msuweni wake yomwe inkabwera limodzi ndi malangizo. Ana anayamba kupita kusukulu atavala nsapato, akukweza mapazi ngati nkhuku zooloka chithaphwi. Mbuzi zinachuluka mpaka milandu ya mbuzi kudya chinangwa cha eni inayambiranso, milandu imene anthu anali ataiwala kukoma kwake. Nanga madenga! Ukaima pachulu masana, malata ankakuthobwa m'maso. Ngakhale agalu anayamba kuuwa ndi mawu athunthu, osati zija zouwa atatsamira khoma.

Pakati pa kung'anima konseko panali kanyumba kamodzi kakuda bii ngati dzino lobooka m'kamwa mwa mkwatibwi. Ka Nankhoma. Dzina la mwini nkhope silinali m'kaundula wa Pumaniko.

Chaka choyamba anamuuza kuti kompyuta yamudumpha. Chachiwiri anati yamudumphanso. Mvula ya chaka chachitatu inamuoletsera matumba awiri a chimanga ali m'nyumba momwemo, iye akugona chokhala pakona, ambulera kumanja, beseni pamiyendo. Choncho Okutobala atafika, mitambo itayamba kudutsa kumwamba ngati anthu odzaona malo, Nankhoma anamanga ulendo wa ku likulu, ku Kwaodyaokha, kuti akaonane ndi kompyuta yodumphayo maso ndi maso.

Njira sanaisowe. Pamphambano iliyonse panali chikwangwani cha nkhope yake, dzanja patsaya, pansi atalemba kuti TITHANDIZENI. Alonda a pachipata cha nyumba yachifumu atamuona anaima nji, wina mpaka kupempha kujambulitsa naye, kenako anamulowetsa osamufunsa n'komwe.

Anafika tsiku labwino kapena loipa, muweruze nokha. Nduna zonse zinali pa msonkhano wadzidzidzi pamaso pa Mfumu, ndipo nkhani yake inali yoopsa: amphawi akutha m'dziko.

Woyankhula anali Olemekezeka Ndatsalapati, Nduna ya Zaumphawi ndi Zomvetsa Chisoni, bambo wa khosi la mapindi atatu ndi mpango wopukutira thukuta womwe sunkachoka m'manja.

"Mtunda Wosakwereka, zinthu zafika posauzana," anatero a Ndatsalapati. "Dzulo ndayenda midzi itatu kufuna mwana mmodzi yekha wamamina woti timujambule. Onse anali kusukulu! Kumunda kwanga komwe, chaka chino palibe wabwera kudzagwira ganyu. Akuti akulima minda yawo. Mayi a kunyumba agwira khasu koyamba chikwatiwireni, ndipo pano sakundiyankhula."

Nduna zinapukusa mitu. Ya Zamaulendo inaimirira. "Amphawi akatha, a Kuchisanu atseka mpopi. Akatseka mpopi, misonkhano yokambirana za umphawi tidzachitira kuti? Nanga galimoto zoyendera amphawi zidzamwa chiyani?"

Mfumu, yomwe inkasinza, inadzidzimuka itamva mawu akuti galimoto. Itatsegula maso inaona chikwangwani cha pamphambano chija chitagwada pakhomo, chikuomba m'manja.

"Aa! Mwana wanga!" inatero Mfumu, ngakhale Nankhoma anabadwa iyo isanaganiziridwe n'komwe. "Nkhope yako ndimaiona tsiku lililonse popita kokadya. Imandikumbutsa kuti ndizidya mokwanira m'malo mwa onse. Wabwera ndi chiyani?"

"Zikomo Mfumu, ndabwera ndi kankhani kochepa," anatero Nankhoma. "Nkhope yanga ili paliponse, koma dzina langa palibe pomwe lili. Ndimati mwina mungaziphatikize."

A Ndatsalapati anaseka kachiseko ka munthu wofotokozera mwana za ndege. "Amayi, inu simukudzidziwa. Mlimi amadya mbewu? Nkhuku yoikira mazira amaipha? Inuyo ndinu mbewu ya dziko lino. Tikakupatsani Pumaniko mugula malata. Mukagula malata muzigona tulo. Mukamagona tulo munenepa. Mukanenepa, alendo tiziwaonetsa chiyani? Anzanu onsewa akudya chifukwa cha inu. Mukufuna abwerere kopempha mchere?"

"Ndiye kompyuta ija imandidumpha ija..."

"Kompyutayo ndine," anatero a Ndatsalapati modzichepetsa.

Nankhoma anayang'ana kompyutayo kuyambira ku nsapato mpaka ku dazi. "Chabwino bwana. Ndiye ndikangomweta udzu watsopano ndifolere. Mvula ili pafupi."

Mukanaona! Bwalo lonse linaimirira ngati mwalowa njoka. Udzu watsopano? Pa nyumba imene maboo ake akudziwika mpaka kutsidya kwa nyanja? Pomwepo Mfumu inaitanitsa cholembera chagolide, n'kukhazikitsa lamulo. Nyumba ya Nankhoma inasanduka Chuma cha Dziko. Nankhoma anapatsidwa udindo wa Mphawi wa Ufumu, udindo wolemekezeka kwambiri moti malipiro akanangoudetsa. Ndipo aliyense wokhudza dengalo, kaya kuwonjezerapo udzu umodzi, dzina lake lidzafufutidwa m'kaundula wa Pumaniko, iye ndi banja lake lonse.

Anamupatsa satifiketi ya m'galasi ndi botolo limodzi la zoziziritsa kukhosi. Ali m'basi pobwerera, Nankhoma ankayeza galasilo ndi chikhatho, kuona ngati lingatseke boo la pamwamba pa mphasa.

Ku Tikambemawa nkhani imathamanga kuposa basi. Pomwe Nankhoma ankatsika pa msika wa Tsitsanipang'ono, anthu anali atamva kale.

"Pisani njira, Olemekezeka afika!" anakuwa wogulitsa usipa.

"Apatseni mpando, koma wothyoka, angatayike nawo udindo!"

"Anankhoma, mwana wanga wamaliza sukulu. Kuofesi kwanu kulibe malo a wachiwiri kwa Mphawi?"

Nankhoma anaseka nawo, chifukwa ku Sitidandaula ukapanda kuseka nawo amati wayamba matama. Koma atakhala pansi kuseri kwa benchi ya tomato ya Nachanza, chiseko chinatha ngati moto wa mapesi. Anayang'ana kum'mawa. Mitambo inali itaunjikana, yakuda kunsi.

"Ndiye mukuti chiyani amwali," anatero Nachanza akupukuta tomato, "tomato yenseyu ndi dzino lanu lija?"

"Akutero a kompyuta."

"Mukanazula dzinolo msanga, bwenzi ine ndikupemphabe mchere."

"Bwenzi tikupempha limodzi," anatero Nankhoma. "Umphawi wa awiri umakoma, amwali. Wa wekha uwu ndiye umaluma. Mvula ikamagwa ndimamva malata anu akuimba mbali zonse, ine ndili pakona ndi beseni ngati ndikupempha kwa Mulungu madzi omwe sindikuwafuna. Chaka chino ndakolola matumba atatu. Akaolanso amenewa, mudzandijambula zenizeni."

Lupiya kalipentala, yemwe ankagula tomato wa ndiwo, anamva zonse. Malemu mwamuna wa Nankhoma anali mbale wake, ndiye awiriwa ankachitirana nthabwala zachilamu.

"Alamu, ndifunseko. Zaka zonsezi alendo akhala akubwera kwanu, ndani analowapo m'nyumba?"

Nankhoma anaganiza. "Palibe. Amaima pakhomo, kujambula, kupukuta m'maso, kukwera galimoto."

"Nanga Ndunayo?"

"Ameneyo chitseko changa sichingamulole."

"Basitu," anatero Lupiya. "Tichotse udzuwo bwinobwino, tikhome malata, tibwezeretse udzu womwewo pamwamba. Kunja Chuma cha Dziko, m'kati nyumba ya munthu."

"Malatawo achokera kuti?"

Nachanza anaika tomato pansi. "Khomo lililonse m'mudzi muno lili ndi lata limodzi lotsala, lomwe analiimika kuseri akuti adzafolera bafa. Mabafawo adikire. Anthu akhala akusamba akuona nyenyezi chiyambire dziko."

"Ayi amwali, ayi," anatero Nankhoma, ndipo apa sankaseka. "Lamulo lija mwalimva. Mukagwidwa, ana anu avula nsapato chifukwa cha ine."

"Nsapatozo anavala chifukwa cha ndani?" anafunsa Nachanza. "Kafululeni thobwa, musatitayitse nthawi."

Anasankha tsiku labwino. Akuluakulu onse a ufumu anali atapita ku hotela ya paphiri ku msonkhano wa masiku atatu, mutu wake: Kuteteza Amphawi Athu Kuti Asathe. M'mawa wa tsiku loyamba anthu a ku Sitidandaula anachita dima, kugwirira ntchito limodzi malipiro ake thobwa, ngati mmene ankachitira makolo polima. Udzu wakalewo anautsitsa mwaulemu ngati akunyamula wodwala, amayi akuuyala pansi mwandondomeko kuti boo lililonse lidzabwerere pamalo pake. Malata anabwera pamitu, ena aatali, ena aafupi, lina lobiriwira la munthu wina wokonda kuoneka.

Dengalo linkafuna malata khumi ndi anayi. Anapezeka khumi ndi atatu. Pakona ya pafupi ndi chitseko panatsala mpata, ndipo Nankhoma anati zilibe kanthu, beseni nalonso lisachotsedwe ntchito mwadzidzidzi.

Tsono pali kanthu kena. Ku sitolo ya malata kuboma, munthu ukagula amalemba dzina lako pa lata lililonse ndi penti yofiira, kuti asasokonezeke palole yobweretsa katundu kumudzi. Ndiye lata lililonse linabwera ndi dzina la mwini wake, zilembo zikuluzikulu. Lupiya anaima padenga, nyundo m'manja, n'kuganiza mozama.

"Mayinawa aloze pansi," analamula. "Mphepo ikadzakankha udzu, odutsa asadzawerenge."

Aliyense anavomereza kuti Lupiya ndi munthu wanzeru. Dzuwa lisanapendeke udzu unali utabwerera, maboo ali m'malo mwake, nyumba ikuoneka yomvetsa chisoni kuposa kale. Nankhoma analowa, n'kugona chagada pamphasa kuti ayese denga lake. Kuwerenga sankadziwa kwenikweni, koma Nachanza anamulozera: ili la uje, ilo la uje. Mudzi wonse unali pamwamba pake.

Patatha milungu itatu kunabwera uthenga: Mayi Ingiridi, mkulu wa Bungwe la Mitima Yofewa la ku Kuchisanu, akubwera kudzaona Nankhoma, ndipo Mfumu yeniyeniyo iwaperekeza. A Ndatsalapati anafika m'mawa kudzakonza malo. Analamula kuti mbuzi zonenepa zikabisidwe kudambo, zitsale zoonda ziwiri. Galimoto zonse ziimikidwe kutali kuseri kwa sukulu, zingalowe m'chithunzi. Kenako anayendera Nankhoma, yemwe anali atavala kale chitenje chake cha ntchito, chong'ambika chija.

"Amayi, chotsani icho pankhope."

"Chiti bwana?"

"Chimwemwecho. Mwachitenga kuti? Dzanja patsaya, tiyeni. Kumbukirani amuna anu."

"Ndikawakumbukira ndimaseka bwana, anali munthu wanthabwala."

"Ndiye kumbukirani mtengo wa feteleza."

Nkhope inagwa yokha.

Alendo anafika masana. Mayi Ingiridi anali mzimayi wamtali, wofiira ndi dzuwa, woyankhula chinenero chathu cha m'buku, chija chopanda mchere koma chomveka. Mfumu inafika ndi chisoti chake cha nthenga ndi ambulera yaikulu ngati denga la tchalitchi. Mudzi wonse unasonkhana. A Ndatsalapati anatsegula pepala.

"Mlendo wathu wolemekezeka, nyumba mukuionayi, mvula ikamagwa, kunja kumakhala kouma kuposa m'kati. Mayi uyu amagona ndi achule. Mayi uyu..."

Mvula sinadikire kuti amalize. Sinapemphenso chilolezo kwa Mwini Mvula ndi Dzuwa Lomwe. Inangoti phwaa, ndi chimphepo chomwe chinatembenuza ambulera yachifumu n'kupita nayo kudambo kukacheza ndi mbuzi. Anthu anabalalika. Galimoto zinali kuseri kwa sukulu. Pafupi panali nyumba imodzi yokha.

Nankhoma anathamangira kutsogolo kwa onse. Anayesa kuima pakhomo. "Muli utsi muno, Mfumu, muli nsikidzi, muli..."

Koma a Ndatsalapati anali ataona mwayi. "Lowani, lowani Mayi Ingiridi! Mulungu watithandiza, mudzionere nokha kudontha kwake!" Anakankha mlendo, Mfumu inatsatira, iwo analowa chammbali atakoka mimba. Nachanza naye anadzipanikiza kumbuyo kwa mnzake.

M'kati munali mdima. Anthu asanu anaima duu, kudikira kunyowa. A Ndatsalapati anatambasula dzanja kuti alandire dontho loyamba. Dzanja linakhala louma. Anasuntha, n'kutambasulanso. Louma.

"Imayamba pang'onopang'ono," anatero.

"Ine ndayamba kale kunyowa," inadandaula Mfumu, yomwe mwa malo onse a m'nyumbamo inasankha kuima pakona ya pafupi ndi chitseko.

"Ndijambule maboowo," anatero Mayi Ingiridi. Anayatsa tochi ya pafoni, n'kuloza kumwamba.

Malata anang'anima. Ndipo pa lata lililonse, zilembo zofiira zikuluzikulu zija, zooneka bwino ngati pa bolodi ya kusukulu.

Mukanamva nsabwe ikutsokomola. A Ndatsalapati anayang'ana kumwamba kukamwa kuli yasaa, kenako pang'onopang'ono anatulutsa cholembera. "Nachanza," anawerenga, akulemba pa pepala la zoyankhula lija. "Lupiya. Chikakuda. Nasiyani. Mtunda Wosakwereka, chiyambire ntchito yanga sindinaonepo akuba osiya okha mayina awo."

Nankhoma anawerengera mumtima. Mabanja khumi ndi atatu. Tomato, sowo, nsapato za ana, zonse zinali kunsonga kwa cholembera chimenecho, ndipo chifukwa chake chinali iye ndi matumba ake atatu a chimanga omwe anali pakona, ouma bwinobwino.

"Amayi," anafunsa Mayi Ingiridi, tochi ikadali kumwamba, "mayina awa ali a ndani?"

Zaka zinayi Nankhoma anakhala akujambulidwa, ndipo palibe mlendo anali atamufunsapo funso lofuna yankho. Anayang'ana Nduna ndi cholembera chake. Anayang'ana Mfumu, nthenga za chisoti zitagona ngati nkhuku yonyowa. Anachotsa dzanja patsaya.

"Amenewa mayi ndi anthu omvera Mfumu," anatero. "Mfumu yathu inalengeza kuti nyumba ino ndi Chuma cha Dziko. Ndiye anthu atamva anati, ha, chuma cha Mfumu chizinyowa ife tili ndi malata a Pumaniko kuseri? Aliyense anabwera ndi lake limodzi. Mfumuyi ndi yodzichepetsa, sifuna zotamandidwa, n'chifukwa chake tinaphimba ndi udzu."

Mfumu inatsegula pakamwa kuti itsutse, koma mawu akuti yodzichepetsa inali isanapatsidwepo, ndipo inafuna kuyamba yawalawa.

Mayi Ingiridi anali akulira, koma sanatulutse kampango kopukutira m'maso ngati alendo ena aja. Ankajambula lata lililonse. "Ndikuuzeni choonadi," anatero. "Ine ndinabwera kudzatsanzika. Kwathu anthu atopa. Akuti zaka zinayi tikutumiza ndalama, koma mayi yemweyo, nyumba yomweyo, dzanja lomwelo patsaya. Akuti ndiye kuti ndalama sizigwira ntchito, titseke. Koma ichi! Osauka alandira, ndipo afolera mnzawo. Akaona ichi kwathu, satseka."

Mawu akuti kutseka ndi kusatseka Mfumu inawamva bwino kuposa ena onse. Inawongola chisoti. "Inde," inatero. "Inali nzeru yanga. Ndinaiganiza ndili ndekha."

Mayi Ingiridi anatembenukira kwa Nduna. "Nanga inu mukulemba mayinawo chifukwa chiyani?"

"Mamendulo, mayi," anatero a Ndatsalapati, thukuta likusakanikirana ndi mvula. "Tikufuna tiwapatse mamendulo."

"Zabwino kwambiri. Nanga amayi, inu ndalama zanu za Pumaniko mumagula chiyani?"

"Ine kompyuta imandidumpha, mayi."

"Zaka zonsezi?" Mayi Ingiridi anafiira kuposa mmene dzuwa linawafiiritsira. "Kompyuta yotani imeneyo?"

"Yachabechabe!" anakuwa a Ndatsalapati. "Yakalekale! Tikaitaya lero lomwe!"

"Musaitaye bwana," anatero Nankhoma mofatsa, akuwayang'ana m'maso. "Ili ndi ana. Ingophunzira kulemba dzina langa basi."

Nachanza anatsokomola kwambiri, mpaka anachita kutulutsa mutu panja.

Nthawi yonseyi Mfumu inali ikuwerenga denga. Inawerenga kuchokera kumanja, inawerenganso kuchokera kumanzere. Nkhope inayamba kuda. "Nanga langa lili pati? Nzeru yanga, dzina langa palibe?"

"Tinakusungirani malo, Mtunda Wosakwereka," anatero Nankhoma. "Ndi pomwe mwaimapo."

Mfumu inayang'ana kumwamba. Dontho lalikulu linatsika pampata paja n'kuitera pamphuno penipeni.

"Kungoti kuno dzina limalembedwa pa lata lomwe munthu wabwera nalo," anawonjezera Nankhoma.

"Masiku atatu!" inalumbira Mfumu pamaso pa mlendo. "Masiku atatu asanathe, lata lachifumu likhala litafika pano!"

Mvula itakata, alendo anapita. Nachanza anakhala pansi pamatope osasamala chitenje. "Amwali, bodza limeneli munaliphunzira kuti?"

"Zaka zinayi ndikumvera Nduna ikuyankhula pakhomo panga. Mumati ndinkangogwira tsaya?"

Lupiya atabwera, amayi awiriwo anamulandira ndi m'manja. "Afika anzeru aja! Mayina aloze pansi!" Iye anangokanda m'mutu, n'kunena kuti zonsezi anaziona kale m'maganizo.

Kutha kwa mwezi, kafoni kakale komwe Nachanza anamupatsa Nankhoma kanalira kuti tii-tii. Nankhoma anakaponya pansi poyesa kuti walumidwa ndi chinachake. Mamendulo aja sanabwere, koma palibe dzina lomwe linafufutidwa, ndipo ku Sitidandaula zimenezo amaziwerengera ngati mendulo.

Udindo wa Mphawi wa Ufumu sunathe ayi, poti a Kuchisanu si okhawo ali ndi misozi padziko. Anaulengeza pa wailesi, ulendo uno uli ndi malipiro, nyumba ndi alawansi ya chisoni. Anthu mazana anafunsira. Mwamwayi wodabwitsa, amene anapambana anali mchemwali wa akazi a Nduna, mayi wa mphete zinayi ndi masaya osalala. Vuto linali yunifolomu. Anachita kutuma munthu kwa Nankhoma kudzagula chitenje chong'ambika chija, ndipo Nankhoma, pokhala Chuma cha Dziko sichigulitsidwa motchipa, analandira mbuzi ziwiri, yaikazi ndi tonde.

Nanga lata lachifumu? Masiku atatu anatha. Milungu itatu inatha. Beseni linapitiriza ntchito yake pakona. Kenako tsiku lina kunamveka malipenga. Kunafika malole awiri, gulu la oimba, ndi amuna asanu ndi mmodzi ovala masuti. Anakumba maenje awiri pakhomo pa Nankhoma, n'kuimika chikwangwani chachikulu chachitsulo, cholembedwa ndi penti yagolide: PANO PADZAIKIDWA LATA LOPEREKEDWA MWACHIFUNDO NDI MFUMU YA MAFUMU MLEKENIADYE WACHITATU, MTUNDA WOSAKWEREKA, CHITSIME CHOSAPHWA, MWINI MVULA NDI DZUWA LOMWE. Anadula riboni, anajambulitsa, anakwera malole. Za lata lenilenilo anati komiti ikuziona.

Fumbi la malole litatsika, Lupiya anayandikira chikwangwanicho. Anachigogoda ndi chala. Chinalira mawu okhuthala, chitsulo chapamwamba chomwe ku sitolo ya kuboma sanachionepo. Anachiyeza ndi mkono, anatseka diso limodzi, n'kuyang'ana pakona ya denga.

"Alamu," anatero, "mukuganiza zomwe ndikuganiza?"

"Dzina liloze pansi," anatero Nankhoma. "Mfumu inapempha yokha."

Chinakwana ndendende, mpaka kutsalako kotchingira pakhomo. Ndipo poti panalibenso chobisa, udzu wonse wakale uja anautsitsa, n'kuupereka kwa mbuzi ziwiri zija kuti zizigonapo.

Masana omwewo kunachita mdima kum'mawa. Nankhoma analowa m'nyumba, Nachanza pambuyo. Madontho oyamba anagogoda ngati mlendo waulemu, kenako mvula inatsika yonse, malata khumi ndi atatu ndi chikwangwani chimodzi zikuimba pamodzi.

Nachanza anakuwa chinachake.

"Mukuti chiyani amwali?"

"Ndikuti phokosoli simugona nalo!"

"Lisiyeni lisokose!" anakuwa Nankhoma. "Ndi langa!"

Anatenga beseni lija pakona, analiyang'ana, louma, n'kulikoleka pamsomali. Kenako anakakhala pansi pa zilembo zagolide zija, miyendo atatambasula, ndipo palibe dontho lomwe linamugwera. Akuti m'mbiri yonse ya Tikambemawa, limenelo linali tsiku loyamba kuti Mfumu itchinjirize munthu ku mvula.